Kagalimoto ka Arduino kogula m'bokosi: kangamufikitse pati wofuna kukhala injiniya wa maloboti?

Mu Lusaka munthu akati "tikumane pa maloboti" amatanthauza magetsi a pamphambano, ngati aja a mu Cairo Road. Maloboti a nkhani ino ndi ena: makina amene amamva zowazungulira kudzera m'masensa, n'kusankha chochita, n'kuyenda okha. Ambiri olowa ntchito imeneyi kuno kwathu, kaya ndi mwana wa sekondale wa kalabu ya sayansi ya JETS kapena wophunzira uinjiniya pa UNZA, amayambira pa chinthu chimodzi, bokosi la kagalimoto ka mawilo awiri koyendetsedwa ndi Arduino Uno, kabolodi kokhala ndi kakompyuta kakang'ono komwe mumakalembera pulogalamu. Limapezeka m'mashopu a zida zamagetsi m'tauni, komanso kwa ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp amene amaitanitsa katundu ku China. Lilibe dzina la kampani imodzi. Olongedza ndi ambiri koma zida zake n'zofanana, chimasiyana ndi chithunzi cha pachivundikiro basi.

Ife tikuti gulani, koma musayembekezere kuti kayenda bwino ndi zimene zili m'bokosimo zokha. Mbali ya magetsi anaikonza mosaganizira, ndipo chida chimodzi chimene chimasandutsa chidole kukhala loboti yophunzirirapo nthawi zambiri sachiikamo.

Mukatsegula mumapeza thabwa la pulasitiki yowala lokutidwa ndi pepala la bulauni, mamota awiri achikasu a magiya 1:48, mawilo awiri a mamilimita 65, kawilo kakang'ono kozungulira mbali zonse, bolodi la Uno, bolodi lofiira la L298N loyendetsera mamota, sensa yoyeza mtunda ya HC-SR04 yooneka ngati maso awiri, servo (kamota kotembenuzira sensayo uku ndi uku) ya buluu ya SG90 yolemera magalamu 9, choikamo mabatire anayi a AA, switchi, masikuluwu a M3 ndi mtolo wa mawaya amitundumitundu. Mabokosi odulirapo amawonjezera Bluetooth ya HC-05 ndi masensa otsatira mzere. Mumakhalanso timbale tiwiri takuda tokhala ndi mabowo 20, ndipo ambiri amatitaya poganiza kuti n'topanda ntchito. Musatitaye.

Musachoke pakauntala musanayese bolodi. Pitani ndi laputopu yokhala ndi Arduino IDE, pulogalamu yolembera ndi kutumizira malamulo ku bolodi, mulumikize, mutumize pulogalamu ya Blink, muone ngati kanyali ka pa pini 13 kakuphethira. Wogulitsa wodziwa katundu wake sakana zimenezi, ndipo mukakafika kunyumba n'kubwerera ndi bolodi lakufa, mkangano wa "munaliwotcha nokha" simungaupambane. Uno ya m'mabokosi amenewa kawirikawiri si ya kampani ya Arduino ija inayambira ku Ivrea ku Italy mu 2005, ndi yotengera. Si umbava, chifukwa mapulani a bolodili ndi otseguka kwa aliyense, ndipo ubongo wake ndi womwewo, ATmega328P yothamanga pa 16 MHz. Kusiyana kuli pa chip yolankhula ndi USB. Zotengera zambiri zili ndi CH340, ndipo makompyuta ena a Windows saiona mpaka mutaika driver yake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuizindikira. Anthu ambiri amabweza bolodi lamoyo chifukwa cha ichi chokha. Ngati pali kusankha, tengani bolodi limene ATmega328P yake ndi yaitali ya miyendo 28 yokhala mu soketi. Ikapsa mumazula n'kuikapo ina yokhala kale ndi bootloader, kapulogalamu kolola chip kulandira mapulogalamu kudzera pa USB. Ija yaing'ono yomatidwa pabolodi ikapsa, kwa munthu wongoyamba ndiye kuti bolodi lonse lapita.

Kumanga thupi la kagalimoto n'kwa madzulo amodzi. Thabwa lija limang'aluka mukalimbitsa sikuluwu mopitirira, choncho ikangogwira siyani. Mamota ambiri amabwera opanda mawaya, muyenera kuwotcherera nokha, ndipo timakutu take ta kopa n'topyapyala ngati pepala. Mukamaliza kuwotcherera mangani mawayawo ku thupi la mota ndi cable tie kuti akakokedwa asazule kakhutu. Nthawi yomweyo wotchereranipo capacitor ya 100 nF, ija yolembedwa 104, pakati pa timakutu tiwirito. Maburashi a mota amatulutsa phokoso la magetsi limene limasokoneza masensa, ndipo kachida kotchipa aka kamachepetsa vutolo.

Tsopano magetsi, pamene pamagwera anthu ambiri. Mabatire anayi a AA atsopano amapereka 6 V. L298N ndi chip yakale ya matransistor a mtundu wa bipolar, ndipo imadya pafupifupi 2 V mkati mwake n'kuisandutsa kutentha, n'chifukwa chake ili ndi chitsulo chakuda chija pamsana. Mamota ndiye amalandira 4 V kapena kucheperapo mabatire akayamba kufooka. Icho n'chaching'ono. Chachikulu n'chakuti chithunzi cha malumikizidwe chimene ambiri amatsatira chimati Arduino idye kuchokera pa 5 V ya pabolodi la L298N. Koma 5 V imeneyo imachokera ku regulator (chida chotsitsa ndi kukhazika mphamvu ya magetsi) ya 78M05, imene imafuna pafupifupi 7 V kuti itulutse 5 V yokhazikika. Mukaipatsa 6 V imatulutsa zosakwana. Ndiye mamota akangoyamba kuzungulira, nthawi imene amakoka magetsi ambiri kuposa ina iliyonse, mphamvu imagwa, Arduino imazima n'kuyambiranso. Mudzaona kagalimoto kakudumpha pang'ono, kaima, kanyali ka pa 13 kaphethira ngati mwangoyatsa kumene, kadumphanso. Wophunzira amatha masiku akufufuza cholakwika mu pulogalamu pamene pulogalamu ilibe mlandu. Ena amathamangira batire la makona anayi la 9 V. Limenelo ndi la multimeter (choyezera magetsi) ndi mawailesi ang'onoang'ono, silingathe kudyetsa mamota.

Mankhwala ake ndi mabatire awiri a 18650 olumikizidwa motsatizana. Amapereka 8.4 V akadzaza ndi 7.4 V pakatikati, ndipo L298N ikadyapo gawo lake mamota amatsala ndi pafupifupi 6 V, mlingo umene amaufuna. Apa pokha kuwononga kwa L298N kumasanduka thandizo. Koma pogula 18650 tsegulani maso. Mabatire enieni a kukula kumeneku sapitirira kwambiri 3500 mAh, ndiye lolembedwa 9900 mAh likunama poyera. Lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45. Lopepuka ngati mulibe kanthu, mulibedi kanthu. Mabatire ochotsa m'batire yakale ya laputopu nthawi zambiri amaposa atsopano abodzawo, bola muyeze lililonse ndi multimeter n'kusiya limene latsika pansi pa 2.5 V kapena lotupa ndi long'ambika chikopa. Kabolodi kotchajira ka TP4056 ndi ka batire limodzi, musakalumikize ku mabatire awiri ali motsatizana. Muzichotsa n'kutchaja lililonse palokha, kapena mugule BMS ya 2S, kabolodi koteteza mabatire awiri otsatizana, ndi chaja ya 8.4 V. Lekani kuyendetsa batire lililonse likafika pa 3 V. Chizolowezi chimene kuzimazima kwa malaiti kwa 2024 kunatiphunzitsa, chosiya zonse zili pachaja kuti zidzadzaze malaiti akabwera pakati pa usiku ife tili mtulo, chisafike pa mabatire amenewa. Lithiamu wopanda chomuteteza akagwira moto sazima msanga.

Waya wa GND (wa negative) wa batire, wa L298N ndi wa Arduino akumane onse. Zikuoneka zachibwana kuzitchula, koma mota ikamangolira osazungulira kapena ikamachita zosiyana ndi zimene mwalamula, yambani kuyang'ana pamenepo.

Msampha wachiwiri uli pa mapini. Uno ili ndi mapini asanu ndi limodzi a PWM osinthira liwiro: 3, 5, 6, 9, 10 ndi 11. Zithunzi zambiri zimaika ENA ndi ENB, mapini a liwiro a L298N, pa 9 ndi 10, ndipo zonse zimayenda mpaka tsiku limene muwonjezera servo yotembenuza mutu wa sensa. Library ya Servo, pulogalamu yokonzeratu yoyendetsera servo, imalanda Timer1, wotchi ya mkati mwa chip imene ndi yomwe imapanga PWM ya pa 9 ndi 10, ndiye liwiro la mamota limasiya kumvera ngakhale servo yanu mutailumikiza pa pini ina. Kompyuta sichenjeza chilichonse. Malumikizidwe amene sabweretsa mkangano ndi awa: ENA pa 5, ENB pa 6, IN1 mpaka IN4 pa 4, 7, 8 ndi 12, servo pa 9, Trig ya HC-SR04 pa 10, Echo yake pa 11. Mapini 2 ndi 3 muwasunge, muwafuna posachedwa. Kumbukirani kuzula timajampa takuda ta pa ENA ndi ENB, apo ayi mamota azingothamanga liwiro lonse. Mapini 0 ndi 1 ndi njira ya USB, ndiye HC-05 ikakhala pamenepo pulogalamu imakana kulowa mpaka mutaichotsa. RX, pini yolandirira ya HC-05, ndi ya 3.3 V, muitsitsire ndi maresistor awiri, 1k ndi 2k. Imalumikizana ndi mafoni a Android, pa iPhone iwalani.

Servo ya SG90 ili bwino pa ntchito yopepuka imene anaipatsa. Magiya ake ndi a pulasitiki, amathyoka mano mwana akaipotokola ndi dzanja. Ikamanjenjemera ndiye kuti ikulimbirana magetsi ndi Arduino pa regulator imodzi ya theka la amp. Capacitor ya 470 µF pafupi ndi servo imathandiza, koma chokhalitsa ndi buck converter (kabolodi kotsitsa magetsi) ya LM2596 yakeyake. Muisinthe kufika pa 5 V mukuyang'ana multimeter musanalumikize chilichonse, chifukwa imachoka kufakitale ili pa mlingo uliwonse.

HC-SR04 ndiyo chida chabwino koposa m'bokosili poyerekeza ndi mtengo wake. Mumaipatsa kugunda kwa ma microsecond 10 pa Trig, iyo imatulutsa phokoso la 40 kHz limene khutu silimva, n'kudikira kuti libwerere. Nthawi ya pa Echo mukaigawa ndi 58 mumapeza masentimita, kuyambira 2 mpaka 400 papepala. M'nyumba zimasiyana. Chitenje chopachika ndi mpando wa sofa zimameza phokosolo, khoma lopendekeka limalitaya kumbali, mwendo wa tebulo siiona mpaka itaugunda. Phokoso likapanda kubwerera, pulseIn, lamulo la mu pulogalamu loyeza nthawi ya pa Echo, imadikira sekondi yathunthu ngati simunaiuze malire, ndipo kagalimoto kamakhala kakuyenda kosaona nthawi yonseyo. Ikani malire a ma microsecond 30000, musiye ma millisecond 60 pakati pa kuyeza ndi kuyeza, ndipo pa miyezo isanu muzitenga wapakati mutaisanja, kuti umodzi wopenga usakhotetse galimoto. Nambala ija 58 imaganiza kuti mpweya uli pa madigiri pafupifupi 20. Liwiro la phokoso limakwera ndi mamita 0.6 pa sekondi pa digiri iliyonse. M'mawa wa June pa madigiri 10 ndi pafupifupi mamita 337 pa sekondi, masana a October pa madigiri 33 ndi 351. Pa muyezo wa mtunda kusiyanako ndi masentimita anayi pa mita iliyonse. Popewa khoma zilibe kanthu, koma wophunzira amene wayeza kusiyana kumeneku ndi tepi n'kukulemba pa graph wayamba kale kuganiza ngati injiniya.

Masensa otsatira mzere amagwiritsa kuwala kwa infrared, ndipo dzuwa lathu ladzaza nako. Loboti yoyenda bwino m'kalasi imasokonezeka pakhonde. Achingireni ndi kakatoni kakuda ndipo muwaike pafupi ndi pansi, osapitirira sentimita imodzi.

Zonsezi zikakonzedwa pamatsala dandaulo limene aliyense amabwera nalo: kagalimoto sikayenda mowongoka. Mwapatsa mamota onse awiri PWM ya 150 pa 255, koma kakukhotera kumanzere ngati ngolo ya ng'ombe imodzi yaulesi. Palibe chawonongeka. Mamota awiri otchipa salingana, magiya ena ndi olimba, ndipo mbali ziwiri za L298N sizidya mofanana ndendende. Ambiri amachepetsa nambala ya mbali imodzi mpaka kawongoke, mawa batire likatsika kayambiranso. Apa ndi pamene timbale ta mabowo 20 tija timagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene bokosili limatikhumudwitsa kwambiri, chifukwa timbaleto amaikamo koma masensa owerenga mabowowo nthawi zambiri mulibe. Muyenera kugula awiri padera, aja okhala ndi kampata ndi chip ya LM393, n'kuwalumikiza pa 2 ndi 3, mapini okhawo a Uno amene attachInterrupt, lamulo logwira kugunda kulikonse nthawi yomweyo, imagwirapo.

Wilo la mamilimita 65 likazungulira kamodzi limayenda mamilimita 204, ndiye bowo lililonse ndi mamilimita 10.2. Mukatero muli ndi muyezo wa liwiro lenileni la wilo lililonse, ndipo mutha kulemba pulogalamu yoyerekeza liwiro lofunika ndi limene lilipo n'kukonza kusiyanako, chimene mabuku amachitcha PID: P imayang'ana kusiyana kwa pano, I kusiyana kounjikana, D mmene kusiyanako kukusinthira. Yambani ndi P yokha, muikweze mpaka wilo liyambe kuthamanga n'kubwerera, muitsitse, kenako muwonjezere I pang'ono kuti kusiyana kotsala kuthe. D isiyeni kaye, ndipo chifukwa chake chili m'masamu: wilo likamazungulira ka 150 pa mphindi limapereka mabowo 50 pa sekondi, kutanthauza asanu okha pa ma millisecond 100. Bowo limodzi likaphonyeka muyezo wasintha ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo D imakulitsa phokoso loterolo. Masensa a LM393 amakondanso kuwerenga bowo limodzi kawiri kapena katatu m'mphepete mwake. Muuze pulogalamu ikane kugunda kulikonse kobwera pasanathe ma millisecond awiri. Mudzapezanso kuti pa PWM yotsika mota imangolira osasuntha, ndipo malire amenewo ndi osiyana pa mota iliyonse, muyenera kuwayeza nokha. Pomaliza pali pansi pa nyumba zathu. Simenti yopakidwa polishi wofiira ndi yoterera, wilo limazungulira pamalo amodzi, sensa n'kumawerenga ulendo umene sunachitike. Mukalamula kagalimoto kayende makona anayi a mita imodzi n'kubwerera poyambira, sikafika. Kulephera kumeneko ndi phunziro lalikulu kuposa onse a m'bokosili, chifukwa ndilo funso limene ofufuza za maloboti oyenda amalimbana nalo ndi makamera, lidar (sensa yoyeza mtunda ndi kuwala kwa laser) ndi masamu a Kalman filter: makina adziwe bwanji pamene ali?

Kwa wolowera ku yunivesite, bokosili ndi khomo chabe. UNZA ili ndi madipatimenti a zamagetsi ndi zamakina mu School of Engineering pa Great East Road, Copperbelt University ku Kitwe imaphunzitsa mechatronics, ndipo kulikonseko kagalimoto kopewa khoma kotengera pulogalamu ya pa intaneti si projekiti ya chaka chomaliza. Chimene mphunzitsi amafuna kuona ndi muyezo: mota yanu imatenga nthawi yotani kufika pa liwiro lake, masamu anu analosera chiyani, zasiyana bwanji ndi zimene mwayeza, chifukwa chiyani. Kagalimoto aka kokhala ndi masensa a mawilo kakhoza kupereka zonsezo kudzera mu Serial Plotter, chojambulira graph cha mu Arduino IDE, ndipo pamenepo masamu a Laplace a m'kalasi amasiya kukhala zilembo za pabolodi. Kupitirira apo Uno yafika pamapeto. Ili ndi 2 KB yokha ya RAM ndi 32 KB yosungira pulogalamu, singanyamule chithunzi cha kamera ngakhale chimodzi. Kafukufuku wa maloboti masiku ano amayenda pa Linux, C++, Python ndi ROS 2, gulu la mapulogalamu oyendetsera maloboti. ROS yoyamba inasiya kusamalidwa mu May 2025, choncho musataye nthawi ndi maphunziro akale a Noetic, mtundu wake womaliza, yambani ndi ROS 2 Humble ya 2022 pa Ubuntu 22.04 kapena Jazzy ya 2024 pa Ubuntu 24.04. Njira yotchipa ndi kusunga thupi la kagalimoto, kuchotsa Uno n'kuikapo bolodi la ESP32 lokhala ndi micro-ROS, ROS 2 ya timabolodi tating'ono, laputopu n'kumachita ntchito yolemera kudzera pa WiFi. ESP32 ndi ya 3.3 V, ndiye Echo ya HC-SR04 muitsitsire ndi maresistor monga munachitira ndi Bluetooth. Gazebo, pulogalamu yoyeserera maloboti, ndi yaulere, imakupatsani loboti ya lidar pakompyuta popanda kulipira msonkho wa katundu. Wofuna kudzaphunzitsa pa yunivesite adziwe kuti digiri yoyamba sikwanira, pamafunika Masters, kenako PhD ndi mapepala ofalitsidwa, ndipo misonkhano ikuluikulu ya ntchitoyi ndi ICRA ndi IROS. Pofunsira malo kunja, kaya ku Carnegie Mellon University Africa ku Kigali kapena kwina, kavidiyo ka loboti yoyenda kamakoma, koma cholemera ndi pulogalamu yanu pa GitHub yokhala ndi miyezo ndi kufotokoza zimene zinakanika.

Ku makampani nkhani ndi ina, ndipo apa bokosili limathandiza pang'ono kuposa mmene ogulitsa amanenera. M'Zambia ntchito zolembedwa kuti "robotics engineer" n'zosowa. Zimene zilipo zimatchedwa automation, instrumentation kapena control, ndipo zili m'migodi ya ku Copperbelt ndi North-Western, m'mafakitale a zakumwa ndi sopo ku Industrial Area, ku simenti ku Chilanga, ku shuga ku Nakambala. Kumeneko simupeza Arduino m'kabati ya magetsi. Mupeza PLC, makompyuta olamulira makina a m'fakitale, za Siemens, Allen-Bradley kapena Schneider, mawaya a 24 V, ma VSD oyendetsa mamota a magawo atatu, ndi masensa olankhula pa 4 mpaka 20 mA. Amayambira pa 4 osati pa 0 mwadala, kuti waya akaduka muyezo ugwe pa ziro n'kudziwika kuti ndi vuto, osati thanki yopanda kanthu. Kaganizidwe kotere, kofunsa kuti chidzachitike n'chiyani chinthu chikafa, m'bokosi mulibe. Chimene mungatengeko ndi PID ija, chifukwa ndi yomweyo imene imasunga mlingo wa thanki ndi kutentha kwa boiler, komanso luso lofufuza vuto ndi multimeter musanaimbe mlandu pulogalamu. Pali njira imodzi yolikamira bokosili: OpenPLC ndi yaulere, imalola kulemba ladder logic, kalembedwe ka mapulogalamu a PLC, ya muyezo wa IEC 61131-3 n'kuiyendetsa pa Uno yomweyo. Si PLC yeniyeni ngati S7-1200 ya Siemens, koma wolemba ntchito akakufunsani za kuyatsa ndi kuzimitsa mota ndi latch, njira yoti mota ikhalebe yoyaka mutasiya batani, simuchita chibwibwi. Musaiwalenso kuti lamulo la 2010 limafuna aliyense wogwira ntchito ya uinjiniya, kuphatikizapo matekinishani, alembetse ku Engineering Institution of Zambia n'kukhala ndi laisensi. Wophunzira akhoza kulowa akadali pasukulu.

Gulu lachitatu ndi la odzilemba okha ntchito, ndipo ndi amene tikufuna kuwachenjeza kwambiri. Makasitomala a mu Lusaka safuna kagalimoto. Amafuna pampu ya pachitsime izizima thanki ikadzaza, geti lizitseguka ndi foni, makina oswetsa mazira asunge madigiri 37.5 kwa masiku 21 n'kumatembenuza mazira okha. Zonsezi Uno ikhoza, ndiye chiyeso chimakhala chotenga zida za m'bokosi n'kukaziika kwa kasitomala mmene zilili. Mawaya osomeka aja amamasuka ndi kugwedezeka, fumbi la August likalowa amayamba kugwira mwa apo ndi apo. Chopita kwa kasitomala chiwotchereredwe, chikhale ndi materminal a sikuluwu, fyuzi ndi bokosi lotseka. HC-SR04 mu thanki imachita dzimbiri ndi chinyezi, pamafunika JSN-SR04T yosalowa madzi, podziwa kuti siona chinthu chili pafupi kuposa masentimita 20 kapena 25. Relay (switchi yoyatsidwa ndi bolodi) ya buluu yolembedwa 10 A isayendetse pampu mwachindunji, chifukwa mota poyamba imakoka magetsi kangapo kuposa olembedwa pambale yake ndipo timano ta relay timapsa n'kumatirirana, pampu osazimanso. Relay iyatse contactor, switchi yaikulu yopangidwira mamota, contactor iyatse pampu. Mu pulogalamu yatsani watchdog kuti bolodi likaima liziyambiranso lokha. Ganizirani zimene zichitike malaiti akapita pa tsiku la 12 la mazira: tsiku lisungidwe mu EEPROM, mbali ya chip yosaiwala magetsi akazima, koma osalemba sekondi iliyonse chifukwa malo aliwonse amalola kulembedwa pafupifupi ka 100,000, ndipo wotchi ya DS3231 yokhala ndi kabatire kake ndiyo yodalirika powerenga masiku. Palinso millis(), yowerenga nthawi kuchokera pamene bolodi layaka, imene imabwerera pa ziro pakatha masiku pafupifupi 49.7. Pa kagalimoto koyatsidwa mphindi khumi simudzaziona. Pa pampu yoyaka miyezi, pulogalamu yoyerekeza nthawi molakwika imadzaima patapita milungu isanu ndi iwiri, inu ndalama mutadya kale. Muzichotsera nthawi yakale pa yatsopano ndi manambala a mtundu wa unsigned long, osati kuphatikiza n'kuyerekeza.

Za mtengo sitilemba nambala chifukwa umayenda ndi dola, ndipo wa sabata ino si wa mwezi wamawa. Kuitanitsa nokha kunja kumatchipa koma mudikira milungu, ndipo chida chimodzi chikafika chakufa mulibe kokadandaula. Kugula mu Lusaka mumalipira zambiri koma mumayesa pomwepo. Powerengera ndalama onjezani mabatire awiri a 18650 ndi choikamo chake, chotchajira, masensa awiri a mawilo, macapacitor, multimeter ndi chowotcherera. Multimeter ikhale yoyamba, ngakhale yotchipa. Ngati ndalama zilipo, TB6612FNG ya Toshiba ndi yabwino kuposa L298N: ndi ya MOSFET, sitentha kwenikweni, imanyamula 1.2 A mbali iliyonse, zokwanira mamota achikasuwa. Koma mukaiika pa mabatire a 8.4 V kumbukirani kuti palibenso chodya 2 V ija, choncho PWM isapitirire pafupifupi 180 pa 255, apo ayi mamota akalamba msanga.

Kwa mwana wa pulayimale bokosili n'lovuta popanda wamkulu wodziwa kuwotcherera. Kwa wa sekondale ndi wa chaka choyamba kapena chachiwiri ku koleji ndi loyenera. Makalabu a sukulu agule bokosi limodzi pa ana atatu, osapitirira, ndi mamota awiri apadera chifukwa magiya ake ndiwo amayamba kutha.

Wogulitsa akakuonetsani la mawilo anayi n'kunena kuti ndi lamphamvu, khalani pa la mawilo awiri. La anayi limaika mamota awiri pa mbali iliyonse ya L298N yomweyo, chip imatentha kwambiri, mabatire amatha msanga, ndipo pokhota mawilo onse anayi amakhula pansi chifukwa palibe lotembenuka. Kukhulako kumasokoneza kuwerenga kwa mabowo, ndiye masamu a mamilimita 10.2 aja sagwiranso pakona iliyonse.